Nyimbo za a Dorika za m'chigafa

A Dorika Lazaro a ku Nsaru sanaphunzirepo zoimbaimba kwa wina aliyense. Ndi alamu anga, anakwatiwa ndi achimwene, ndiye musandiuze za iwo, ndimawadziwa ndi kutsokomola komwe. Nyengo yosoka fodya ankakhala m'chigafa masana, masamba ali pamiyendo, kenaka mumangoona mutu ukuwerama pang'onopang'ono. Sitinkawadzutsa ayi. Akatsegula maso ankayang'ana kudenga kanthawi, n'kuyamba kung'ung'udza chapansipansi. Basi, nyimbo yatsopano imeneyo. Lachinayi amayi a chigwirizano tinkaiphunzira, Lamulungu n'kuiimba m'tchalitchi.

Ukati, "Koma ndiye mwapeka, alamu," ankakukalipira. "Wapeka ndani? Ine ndangolota." Kwathu kuno munthu wopemphera sadziguguda pachifuwa ndi nyimbo ya Mulungu. Amati wapatsidwa.

Mwana wawo wamkulu, Olive, anatisiya pobereka. Chaka chimenecho m'chigafa munali zii. Koma tsiku lina, dzuwa likuswa mtengo, ndinawaona akumwetulira ali m'tulo, misozi ikutsika. Atadzuka anandiuza kuti amuona Olive tsidya la dambo, udzu ukumufika m'chiuno, nkhungu ikuyenda kumbuyo kwake. Olive ankaimba modekha kuti, "Amayi musandiitane, kuno kwacha kale." A Dorika anangomvetsera mpaka nyimbo yonse inatha.

Tinakaiimba pa msonkhano waukulu wa amayi ku Nambuma. Abale, anthu analira! Wina anatijambula pa foni. Inu mukudziwa mmene zimayendera masiku ano: foni ipatsa foni, kenaka abambo aja oika nyimbo m'mafoni pa Kasiya ndi pa Msundwe ali nayo pa kompyuta. Ife tinkangosangalala kuti uthenga ukufalikira.

Chaka chotsatira tinaimva m'minibasi. Mawu omwewo, koma ataithamangitsa, magitala ali pwirikiti, kondakitala akugwedeza mapewa. Woulutsa mawu pa wailesi anati ndi nyimbo yatsopano ya woimba wa m'tauni, dzina lake Trust. Posakhalitsa anthu anayamba kuivina pa maukwati poperekera ndalama. Nyimbo ya maliro, anthu inu! A Dorika akaimva ankangotseka maso. Sankafuna kanthu kwa Trust. Ankangofuna anthu adziwe kuti ndi nyimbo ya Olive, kuti asiye kuidumphira.

Yunisi, mng'ono wake wa Olive, ndi mphunzitsi ku Mpingu, ndipo ukali anatengera ine. Iye ndiye anatiuza kuti pali lamulo loteteza munthu amene wapeka chinthu, ndiponso pali ofesi yake m'tauni. Tinapita atatu. Mayi amene anatilandira anali waulemu, ndisaname. Anamvetsera zojambulidwa za ku Nambuma zija mpaka kumapeto, n'kunena kuti umboni ulipo wabwino, chifukwa zinajambulidwa ya Trust isanatuluke. Kunangotsala kuti mwini wake anene yekha.

"Mayi, kodi nyimboyi munapeka ndinu?"

Ndinawatsina pantchafu. Yunisi anawatong'olera maso.

"Ayi, mwanawe," anatero a Dorika. "Ndinalota. Anaimba ndi Olive."

Mayi uja anayesetsa, chilungamo chake. "Koma mawu ake ndi kaimbidwe kake zinatuluka mwa inu, eti? Lamulo limateteza munthu amene wapeka. Mungonena kuti ndinu, zina zonse tithandizana."

"Ndinene kuti ndi yanga? Trust wamubera mwana wanga, ndiye nanenso ndimubere ali m'manda?"

Ine mtima unandiwawa, komanso ndinapsa nawo mtima, zonse pamodzi. Pobwerera m'minibasi ndinawalalatira mpaka pa Msundwe. Ndinati, "Alamu, mutu ndi wanu, tulo ndi tanu, chigafa ndi chanu, chavuta n'chiyani?" Iwo ankangoyang'ana pazenera, milomo ikugwedera ngati akutsatira kwaya yomwe ife sitinkaimva. Mayi wa ku ofesi uja anati a Dorika akadzaganiza bwino adzabwere. Sanabwererekonso, ndipo nyimbo ija mpaka lero ili m'dzina la Trust.

Pano akalamba, maso achita nkhungu, koma fodya amasokabe, zala zimadziwa zokha. Amawodzerabe masana. Nthawi zina amadzuka nkhope ili ngwee, ine n'kudziwa kuti abwera nayo ina. Koma sang'ung'udzanso. Lachinayi timangobwereza zakale, ndipo amayi achitsikana amene alowa chigwirizano posachedwa sadziwa n'komwe kuti gogo wokhala kumbuyoyu ndi ndani.

Mwezi wathawu ndinalephera kupirira. Ndinawapeza atangodzuka kumene, akusisita tsamba la fodya pa bondo.

"Alamu, mwalota inanso, eti?"

Anavomera ndi mutu.

"Tiphunzitseniko, chonde. Tikaletsa mafoni onse, ndikaima pakhomo ine ndemwe."

Anaseka pang'ono, n'kupukusa mutu. "Iyayi. Olive anandibwereka imodzi, ndinalephera kuisamala. Izi ndikumusungira. Ndikadzawoloka dambo lija, ndikamubwezera zonse zili bwinobwino."