Tsiku lolembedwa m'buku la achemwali

Achemwali anga aakulu anandipeza ndikuchapa Loweruka lina m'mawa. Anachokera ku Thambani pa pikiapu, fumbi mpaka m'nsidze, buku la kuchipatala atalikulunga m'pepala la shuga. Anali atamwa ma ARV zaka zambiri chimwalirireni alamu, ndipo pa khasu palibe ankawapota. Koma tsikulo maso awo anali achikasu.

Anandiuza kuti adokotala apeza kachilombo kena m'chiwindi, ka hepataitisi C. Mankhwala alipo, omwa miyezi itatu basi, koma anayenera kuyamba akayezetsanso magazi ku Blantyre, pa tsiku limene anawalembera m'bukumo. Kuwerenga sankadziwa, mumzinda anali asanapondemo. Ankafuna ndiwaperekeze.

Ine ndinali mphunzitsi pa boma, wa kwaya, woyenda khosi lili m'mwamba. Ndinadziona nditakhala pa benchi la odikira ma ARV, wina wa ku Mwanza kuno n'kudutsa, n'kukafalitsa kuti amadamu nawonso anayamba kumwa. Zimenezo sindinanene. Ndinati chikasu si matenda opitira ku Blantyre, kwathu timachiza ndi nzimbe. Ndinanena zimenezi ine, amene ndinkaphunzitsa ana sayansi. Ndinawagulira mtolo wa nzimbe pamsika n'kuwakweza galimoto yobwerera, iwo akuthokoza mpaka kuwomba m'manja.

Tsiku lija linadutsa ndili m'kalasi. Ndisaname kuti ndinaiwala, ndinkalikumbukira bwinobwino.

Chaka chisanathe mimba yawo inatupa, mapazi osalowanso m'patapata. Apo ndiye ndinawaperekeza ku Blantyre. Pa benchi lija tinakhalapo m'mawa wonse, ndipo sipanadutse munthu ndi mmodzi yemwe wondidziwa. Adokotala, mayi wachitsikana, anatsegula bukulo n'kuyang'anitsitsa tsiku lakale lija. Anati kachilomboko mankhwala angathe kukapha, koma chiwindi chawonongeka kwambiri, ndipo chimene chawonongekacho sichibwereranso. Kenako anafunsa chimene chinawachedwetsa.

Ndinazyolika, kudikira kuti achemwali anditchule. Mpaka lero ndikakumbukira mphindi imeneyo manyazi amandigwira.

“Ndine ndinkazengereza, adokotala,” anatero achemwali. “Mng'ono wangayu ankandikakamiza tsiku ndi tsiku.”

Adokotala anandiyang'ana mwaulemu, n'kunena kuti odwala onse akanakhala ndi abale ngati ine, ntchito yawo ikanapepuka.

Ndinayankha kuti zikomo.