Keke ya Mayi NyaShaba

Enifa NyaShaba anaphunzira kuphika chifukwa panalibe womuphikira. Mayi ake atamwalira kumudzi wina kufupi ndi Embangweni, akuchikazi anabwera kudzamupempha, koma akuchimuna anawakumbutsa kuti ng'ombe za malowolo zinaperekedwa zonse, ndipo mwana ndi wa kumene kunachokera ng'ombe. Motero Enifa anatsala ndi mayi womupeza, amene sanali wankhanza kwenikweni. Ankangoiwala pogawa chakudya kuti ana m'nyumbamo alipo angati.

Chimene chinkamufika Enifa mosaphonya chinali miphika yotsuka, ndipo sukulu yake inali mmenemo. Nkhoko ankazipala, n'kuziyanika padenga la nkhokwe, tsiku lovuta n'kuzinyika kuti zisanduke phala. Nthanga za maungu, zimene ena ankataya, iye ankazikazinga pa phale n'kuzisinja, kuti zilowe m'malo mwa nsinjiro. Soda anamudziwa atakula. Wake anali chidulo cha phulusa la zitsononkho.

Amishoni anamuphunzitsa kuwerenga, ndipo patapita zaka boma linamulemba ntchito ya ulangizi wa amayi pa Mzimba Boma. Ophunzira ake anali akazi a amesenjala, a alonda, ndi a anthu ocheka matabwa ku Chikangawa, amene malipiro awo ankatha mwezi usanagawike pakati. Kulikulu kunachokera buku lophunzitsa keke, masikono ndi mbali yoika foloko. Bukulo linagwira ntchito yaikulu: linachirikiza mwendo waufupi wa tebulo. Pamwamba pa tebulopo Enifa ankaphunzitsa za miphika ya mayi womupeza ija, ndipo amayi ankadzaza mpaka pakhonde.

Mbiri inamveka kutali. Bwana wina wa kulikulu, a Pearson Chimwaza, anabwera ndi munthu wa wailesi kudzajambula mawu ake. Anamuchenjeza kuti alankhule Chichewa, poti Chitumbuka pa wailesi chinali chitapumitsidwa. Enifa anaphika nkhwani wotendera nthanga. A Chimwaza anadya, nawonjezera, kenaka anamufunsa pa makina kuti luso lotere analitenga kuti.

"Ku njala, adada," anatero Enifa. "Njala imaphunzitsa chomene. Amayi awa akuidziwa."

Wa wailesi anazimitsa makina ake osauzidwa.

A Chimwaza anasamba m'manja, n'kumulongosolera Enifa modekha ngati mwana kuti njala inapita limodzi ndi atsamunda. Kuphunzitsa anthu kudya nkhoko n'kunena kuti m'dziko mulibe ufa, ndipo wonena kuti mulibe ufa amakhala kuti wina wamutuma. Tsono wamutuma ndani? Enifa ankadziwa anthu amene anakwezedwa galimoto pa mafunso aang'ono kuposa limeneli. Anagwada, n'kunena kuti amatanthauza njala yakale, ya azungu. Yankholo linalandiridwa.

Sanamuchotse ntchito, boma lili ndi chisoni. Linamutumizira chitofu chachitsulo, n'kulamula kuti buku lija lichoke pansi pa tebulo. Linamupatsanso Mayi Philomena a chipani kuti azikhala kumbuyo kwa kalasi ndi zoluka zawo. Mazira, shuga ndi ufa watirigu zinkachokera ku ofesi, ndipo keke ikapsa inkabwerera ku ofesi komweko monga umboni wakuti phunziro lachitika. Amayi ankapita kwawo ndi fungo.

Mwezi wa Febuluwale, chimanga chisanakhwime, kunabwera mayi wachilendo dzina lake Selina, mkazi wa mlonda. Kumsana anabereka mwana wa tsitsi lofiira, lopyapyala, ndi mapazi otupa. Enifa anangomuona kamodzi n'kuzindikira, poti tsitsi limenelo anali nalo iye mwini ali wamng'ono. Selina anadikira mpaka mazira ataswedwa, kenaka anakweza mkono.

"Amama, ndapota. Akuti mumadziwa phala la nthanga. Mtedza ndilibe, mwanayu akungodya la gaga lokha. Amapanga bwanji?"

Yankho linali lalifupi, lotha ndi mpweya umodzi: kazinga, sinja, sefa, thira phala likamabwadamuka. Linafika pakamwa. Kumbuyo kuja singano za Mayi Philomena zinali zitasiya kugundana.

"Zimenezo ndinaiwala, mwana wanga," anatero Enifa. "Lero tikuphunzira kupatula dzira."

Selina anathokoza kuti yewo, n'kukhala pansi, n'kuonerera mpaka keke inapsa.

Enifa anadziuza kuti amutsatira kunyumba. Koma masiku amenewo amayi awiri onong'onezana anali msonkhano, ndipo msonkhano unkafuna chilolezo. Anadikira kuti maso amuchoke kaye. Pamene anapita ku nyumba za alonda, nthanga zosinja kale atamanga pansonga ya chitenje, anapeza chitseko chokhoma. Oyandikana nawo anati mwana uja anafooka, ndiye Selina anapita naye kumudzi, cha ku malire a Kasungu. Dzina la mudziwo panalibe wolidziwa.

Anaphunzitsa keke mpaka anapuma pa ntchito, ndipo anapatsidwa satifiketi yoyamikira kukhulupirika. Keke iliyonse ikapita ku ofesi, iye ankatsala akupala chitini ndi supuni, n'kusonkhanitsa nyenyeswa pa kambale. Mayi Philomena anamufunsapo kuti n'za yani zimenezo. Enifa anati akungotsuka.