Chitenge chanu ndachipeza pa nkhafi

Anaphiri, mkazi wanga, lero yakwana 3 years chitisiyireni. Dzulo ndimakonza kabwato kanga kaja ku mtsinje wa Kafubu. Pomasula mphira wa pa nkhafi, ndinapeza nsanza yabuluu mkati, ndipo ndinangokhala pansi. Ndi chitenge chanu chija munagulira ukwati wa mwana wathu Esinati.

Nkhani yake ili motere. Nkhafi zinkalira kwii kwii zikakhudza chitsulo cha pa bwato, nsomba n'kumathawa usiku. Ndinayesa kukulunga saka, silinachedwe kutha. Ndiye tsiku lina inu muli ku msika, ndinachotsa chitengecho pa chingwe, n'kuching'amba, n'kukulunga nkhafi zonse ziwiri. Pamwamba ndinamanga mphira kuti chisaoneke. Bwato linakhaladi chete. Madzulo munandifunsa kuti, "Abanda, simunaone chitenge changa?" Ine pofuna kudzipulumutsa ndinati, "Funsani Bana Chanda, ndiwo amayanika pafupi." Munapita kukawazazira pa mpanda, mnzanu amene anakugwirani dzanja pobereka Esinati. Simunalankhulanenso. Milamba imene ndinkabwera nayo munkaphika n'kumanditama, ine n'kumadya osatsamwa.

Pamaliro anu Bana Chanda anabwera, anagona pansi masiku atatu, akuphikira anthu. Ndinalephera kuwayang'ana kumaso. Akadali moyo, ali ku Itawa kwa mwana wawo. Mawa ndikwera minibasi, ndikawauze zoona. Akafuna anditukwane, ndikamva ndili chogwada. Koma inu Anaphiri munapita mukudziwa kuti mnzanu ndi wakuba, ndipo kumeneko kulibe minibasi yofikako.