Mayi Wataipi Abwerera pa Ntchito

Mayi wataipi anagwira ntchito m'boma zaka makumi awiri ndi ziwiri, pa desiki la mwendo wochirikiza ndi njerwa. Tsiku lina abwana awo anawachotsa ntchito, ati anakana kusamukira ku ofesi ina. Mayiwo anangoti kukamwa yasa, chifukwa kalata yowasamutsayo anali asanaionepo.

Anakadandaula ku bwalo loweruza madandaulo a ogwira ntchito m'boma. Kumeneko mlandu unayenda ngati bilimankhwe: lero wapampando ali kumaliro, mawa fayilo yasowa, mkuja onse afika koma makiyi a chipinda apita ndi mlonda. Patatha zaka zinayi, wapampando anafunsa abwana aja kuti, "Kodi kalatayo anataipa ndani?"

"Mayi omwewa," anayankha abwana mosaphethira.

"Ine ndemwe?" anatero mayiwo. "Ndingataipe kalata yondisamutsa ine mwini n'kuiwala, achimwene?"

Abwana anafwanthula chikwama chawo, thukuta lili kamukamu, mpaka anatulutsa kalata ija, ili kapepala kolemba pamanja komwe anaiwala kupereka kuti kataipidwe. Bwalo linalamula kuti mayi abwerere pa ntchito yawo yomweyo, popanda kusintha kanthu.

Lolemba anafika atatchena, koma anapeza makina otaipira anatayidwa kalekale, aliyense akudzilembera pa kompyuta. Poopa kunyoza bwalo, abwana anawaikira mpando pafupi ndi zenera. Mpaka lero mayi amafika m'mamawa n'kumaluka zipewa za adzukulu awo, ndipo wina akawayang'anitsitsa amamuuza kuti, "Ndili pano mwalamulo, mwanangu."