Mapasa Anga M'zipinda Ziwiri

Mapasa anga, wamwamuna ndi wamkazi, anali asanagonepo padera chibadwire. M'chaka cha korona anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo tinkakhala ku Kanjedza m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi ndi pabalaza. Bambo awo, oyendetsa thiraki, anali atatsekeredwa ku Beira. Ndinatsala ndekha, ine munthu wa mtima wapachala.

Wamwamuna ndiye anayamba kutentha thupi ndi kutsokomola, koma amene ankandidetsa nkhawa ndi mlongo wakeyo. Iye ali ndi mphumu. Chimfine wamba chimamugoneka m'chipatala, nthiti zikuchita kuonekera pofunafuna mpweya. Ndiye ndinawakweza onse awiri minibasi mpaka pa Ginnery Corner kukayezetsa kuchipatala. Anawapisa kathonje m'mphuno, onse analira mofanana, koma zotsatira zinasiyana. Wamwamuna anapezeka ndi kachilombo ka korona, wamkazi ayi.

"Mayi, muwalekanitse," anatero anesi. "Wodwalayu chipinda chake, mbale yake, kapu yake. Wamphumuyu akangokatenga, nkhani yake ikhala ina."

Kunena n'kosavuta. Apongozi anga atamva pafoni anangoti, "Mapasa salekanitsa, mwanawe. Wina akamwa mankhwala, mnzake amalawako." Kwathu timatero ndithu. Nsapato timagula ziwiriziwiri, nthochi ikakhala imodzi timaidula pakati, ndipo ana angawo anakula akudziwa kuti cha mnzako n'chako chomwe. Koma ulendo uno ndinawayankha apongoziwo mwachidule, mwina mopanda ulemu, n'kudula foni.

Wamwamuna ndinamutsekera kuchipinda. Ine ndi wamkazi tinayala mphasa pabalaza. Ndinasanduka wapolisi m'nyumba mwanga momwe: polowa masiki, potuluka sopo, mbale za wodwala m'beseni lakelake. Mtsikanayo ankakhala tsonga pachitseko n'kumalowetsa zala pansi pake kuti mnzake azigwire. Ndinkakalipa mpaka mawu kusasa. Ndikamalowetsa malalanje ndi tiyi wa mandimu ndi jinja kuchipinda, iye ankanditsatira ndi maso ngati ndamubera. Ndikamupatsa zake pabalaza, ankangozikankhira uko.

Kenako anasintha. Anayamba kudya, kulira kunatha, pachitseko paja anasiya kukhalapo. Ndinadziuza kuti wazolowera, ndipo ndinakondwa.

Masana ena ndinabwerera panjira yakumpopi chifukwa ndinaiwala nkhata. Pakhomo panali zii. Nditazungulira kuseri ndinamupeza mtsikanayo ataponda ndowa yovundikira pansi pa windo la kuchipinda. Mlongo wake anali mkati, atagwira kapu yake yapulasitiki. Ndikuona ndi maso angawa, anatsokomolera m'kapumo mwadala, kawiri, n'kuitulutsa pakati pa zitsulo. Mtsikanayo analandira ndi manja awiri, anamwa tiyi yense, n'kunyambita m'mphepete momwe.

Ndinathamangira pawindopo. Ndinalanda kapuyo n'kuiponya kutali, ndipo dzanja langa linali litakwera kale m'mwamba. Sindinamumenye, koma kunangotsala pang'ono.

"Mwayamba liti zimenezi?"

"Mukapita kumpopi, Amayi."

"Tsiku lililonse?"

Anagwedeza mutu kuvomera. "Ndikufuna ndidwale kuti mundilowetse."

Ndinaimbira anesi aja. Anati kumuyeza tsiku lomwelo sikungaonetse kanthu, ndidikire masiku angapo, koma akayamba kubanika ndithamange naye. Masiku amenewo sindinali munthu. Kampope kake kopumira ndinakamangirira pa nsonga ya chitenje changa. Akamasewera ndinkamuitana popanda chifukwa, n'kuika khutu pamsana pake kumvetsera ngati muli kamluzu ka mphumu. Iye ankaseka, ati ndikumugirigisha. Ine ndinkachita mantha, ndiponso ndinali wokwiya: ndi iye, ndi mlongo wake, ndi bambo awo ongofunsa pafoni kuti ana ali bwanji.

Mmawa wina anatsokomola. Kamodzi kokha, koma ndinasiya phala pamoto. Ndinapempha mayi a nyumba yoyandikana, Asilamu ogulitsa nsalu ku Limbe, kuti andiyang'anireko wamwamunayo iwo ali panja, ndipo ine ndinanyamuka ndi wamkazi. M'minibasi anakhala mwaulemu, masiki ali bwinobwino, nkhope ili ngwee ngati tikupita kokagula diresi. Kathonje kaja atakalowetsa sanalire n'komwe.

Tinadikira pabenchi padzuwa. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, ena kuwabwereza. Anesi atatuluka anandikodola.

"Alibe, mayi. Chifuwachi n'cha fumbi chabe."

Ndinakhala pansi pomwepo, padothi, manja ali pamutu. Ndipamene ndinamva mwana wanga akulira, kulira kwenikweni kochokera m'mimba. Anali atagwira yunifolomu ya anesiwo.

"Yezaninso, anesi. Ndinamwa yense, sindinasiye."

Anesiwo anayang'ana ine. Ndinatembenukira kwa mwanayo. Ndinafuna kumukumbatira koma anandikankha, chifukwa kwa iye mdani sanali korona, ndinali ine.

Masiku otsalawo, mpaka mlongo wake atachira, ndinkapita kumpopi nditamubereka kumbuyo, mtsikana wamkulu miyendo ili lendelende, anthu akundiseka. Njira yonse sankandilankhula. Ine ndinkangoyenda pang'onopang'ono, kumvetsera mmene akupumira pakhosi panga.