Phazi la a Greenwell

A Greenwell Mpinganjira anabadwira ku Bembeke, m'boma la Dedza, pa 9 Juni 1952. Anatera ku Dublin pa 2 Seputembala 2002, kutsatira akazi awo a Clotilda amene anali atapeza ntchito yaunamwino. Mwana wawo wachitsirizira, Louisa, anali pambuyo pawo atavala juzi ziwiri. Kumudzi anali mphunzitsi wa pulayimale. Kuno anakhala wonyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ku Santry, ndipo palibe amene anawamvapo akudandaula.

Banjo anaiphunzira imvi zitayamba kale. Kuntchitoko kunali nkhalamba ina ya konkuno, a Gerard, imene Lamulungu lililonse masana inkaimba vayolini m'bala ina yaing'ono ku Coolock. Nyimbo zake zinali zakale za kumapiri a ku Amereka, zopanda mawu, zongozungulira ngati mphero. A Greenwell anapita kamodzi kukangoonerera, ndipo chaka chisanathe anali ndi mpando wawowawo pakona, pafupi ndi zenera.

Malamulo a pakonapo anali ochepa koma olimba. Onse amaimbira limodzi, palibe wodzionetsera. Mukalowa mu kiyi imodzi, kapena kuti mlingo umodzi wa mawu, mumakhala momwemo ngakhale ola lathunthu, chifukwa banjo ya nyimbo zimenezi imachunidwa mosiyana pa kiyi iliyonse, ndipo kumanga ndi kumasula nsambo zisanu kumafuna nthawi ndi bata. Komanso nyimbo amaimaliza ndi mwini wake, amene waiyambitsa. Iyeyo akakweza phazi pang'ono, onse amadziwa kuti kuzungulira kumeneko n'kotsiriza, ndipo amaima pamodzi. Wina aliyense phazi lake limakhala pansi.

Pa 27 Febuluwale 2009 kampani ya ku Santry inatseka zitseko. Pa 14 Okutobala chaka chomwecho a Gerard anagwa ndi sitiroko, dzanja lamanzere osagwiranso. A Greenwell anayenda ndi makalata ofunsira ntchito mpaka nsapato kutha, koma nthawi imeneyo ngakhale eni dziko anali kukwera ndege kukasaka ntchito kunja. Ndani akanalemba munthu wa zaka zoyandikira sikisite? Sabata yonse ankakhala m'nyumba ku Ballymun, kuphika, kuchapa mayunifomu a akazi awo, kudikira Lamulungu. Tsiku limenelo lokha ndiye ankavala jekete.

Vayolini ya pakona anaitenga ndi Louisa, amene anaphunzira kuimba kusukulu. Anabwera ndi anzake awiri, Ricky wa gitala, mwana wa ku Chipata wokulira ku Dublin, ndi mtsikana wina woimba besi. Poyamba bambo ake ananyada. Kenaka anayamba kumva zachilendo. Anawo ankathamanga. Ankapatsana mpata kuti aliyense aonetse luso payekha, anzake akumuperekeza chapansipansi. Choipitsitsa, ankalumikiza nyimbo zitatu ngati ngolo za sitima, kudumpha kuchoka kiyi ina kupita ina osapumira. Akatero banjo inkangoti zii, mwini wake atawerama akupotokola zikhomo, ndipo pomaliza kuchuna ankapeza anzake afika kale kwina.

Lachinayi, pa 18 Novembala 2010, nkhani inaphulika kukhitchini.

"Adadi, a Betty akuti Lamulungu lino ndi lomaliza kutiyesa," anatero Louisa m'Chingerezi, monga ankayankhira nthawi zonse. A Betty anali mwini bala. "Akuti anthu akugona. Tikapanda kuwadzutsa, aika mpira pa TV, nyimbo basi."

"Akugona chifukwa alibe ntchito, osati chifukwa cha nyimbo."

"Tiimba zolumikiza zija."

"Ndiye ine ndizichuna nthawi yanji?"

"Ricky akudziwa mnyamata wina amene amatsatira kiyi iliyonse osachuna."

A Greenwell anaika pansi mpeni umene ankasendera mbatata. "Wanena kuti chiyani?"

"Sindinanene kanthu. Ndangoti alipo."

"Iwe, mpando umene uja ndinaukhalira iwe uli ndi mamina pamphuno."

"Abambo a Louisa," analowerera a Clotilda akuvula nsapato zakuntchito, "mwanayu sakukuthamangitsani. Iwenso Louisa, bambo ako si wailesi yoti ungotembenuza batani." Bambo ndi mwana anagwirizana chimodzi chokha, monyinyirika: nyimbo ikadumpha, banjo ikhale chete mpaka abwerere ku kiyi yake.

Lamulungu, pa 21 Novembala, m'bala munali anthu ambiri kuposa masiku onse, koma sanabwerere nyimbo. Maso awo anali pa TV ya pamwamba pa kauntala, podikira kumva ngati boma lipemphedi thandizo la ndalama kunja. A Betty anatsitsa mawu a TV, napinda manja pachifuwa, naimirira poti aziona bwino nkhope za makasitomala.

"Ankolo, lero mugwire lamba," anatero Ricky akuseka. "Basi ilibe mabuleki."

"Basi yopanda mabuleki imathera m'phompho, mphwanga."

Nyimbo zoyamba anaziyambitsa a Greenwell, mofatsa, mu kiyi imodzi. Zinayenda bwino, mwaukhondo, monga a Gerard ankafunira. Koma a Greenwell ankaona okha kuti palibe mutu umene watembenuka. Bambo wina pafupi ndi chitseko anayasamula. A Betty anayang'ana wotchi.

Ndiye Louisa anakweza uta wa vayolini, nayambitsa yake.

Gawo loyamba banjo inali nawo. Pa lachiwiri anadumphira kiyi ina, ndipo a Greenwell anaika chikhato pansambo monga anagwirizana. Anakhala choncho, manja ali lende, pakati pa phokoso la ana atatu. Ndipo anaona zimene sanazionepo pakona paja chiyambire. Mitu inatembenuka. Mayi wina anayamba kuomba tebulo ndi chikhato. Bambo woyasamula uja anasiya TV, nakokera mpando pafupi. A Betty manja anali atawamasula. Bala yonse inadzuka, ndipo inadzuka pamene banjo inali chete.

A Greenwell anaganiza za mnyamata wosachuna uja atakhala pampando wa pazenera. Anaganiza za Lolemba, Lachiwiri, mpaka Loweruka, opanda Lamulungu kumapeto kwake. Louisa anali atatsinzina, monga ankachitira nyimbo ikamukoma, ndipo kuzungulira kunali pafupi kutha kuti alowe gawo lachitatu.

A Greenwell anakweza phazi.

Sanalikweze kwambiri, mwina chikhato chimodzi kuchoka pansi. Koma Ricky ndi mtsikana wa besi anali ataphunzitsidwa ndi iwo omwe kuti phazi silifunsidwa mafunso. Analiona, ndipo kuzungulira kutatha anamenya kamodzi mwamphamvu n'kuima. Louisa, amene sanaone kanthu, analumphira m'gawo lachitatu yekhayekha. Vayolini inalira payokha ngati mwana wotayika pamsika. Anatsegula maso, uta unaterereka, nsambo inalira moipa. Wina kumbuyo anaseka. Louisa anayesa kupitiriza, koma nyimbo inali itathyoka msana, ndipo anaisiya pakati.

"Bwanji?" anafunsa Ricky monong'ona. "Si phazi lija?"

"Phazi la ndani?" anatero Louisa.

Ricky anayang'ana pansi. Phazi la a Greenwell linali litabwerera pamalo pake, koma Louisa anatsatira maso a mnzakeyo mpaka anafika pansapato ya bambo ake. Anangopukuta thukuta pachibwano, nayambitsa ina, ndipo mpaka kumaliza sanayang'anenso kuzenera.

Atatha, a Betty anamuitanira Louisa kukauntala. A Greenwell anamva mawu ochepa okha akulongedza banjo: kuti nyimbo zikhale, koma zikhale ngati zija zinadzutsa anthu, ndipo zisamathere panjira.

Pa siteji ya basi kunali mphepo. Ricky ndi mnzake anatsanzika msanga. Bambo ndi mwana anaima motalikirana ngati alendo.

"Phazi linangonyamuka lokha," anatero a Greenwell.

Louisa anawayang'ana. Kenaka anayankhula m'Chichewa, chimene sankachita kawirikawiri, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati akuwasankha m'lichero.

"Adadi, munandiphunzitsa ndinu. Nyimbo inali yanga. Lamulungu likubwerali musabwere."

A Clotilda atamva nkhaniyo kunyumba anangoti, "Mwadzitchera nokha msampha, bambo," n'kupita kukagona poti m'mawa mwake anali ndi shifiti.

Pa 28 Novembala kunacha mzinda wonse uli mbuu ndi chipale chofewa, mabasi akuyenda mwa apo ndi apo. A Greenwell sanavale jekete. Anakhala pampando wa pabalaza akumva Louisa akutseka bokosi la vayolini kuchipinda, akumanga nsapato, akutsika masitepe osatsanzika. Chitseko chapansi chitamenyetseka anadzuka, natsegula zenera. Mphepo yozizira inawalasa kumaso.

"Louisa!"

Mwanayo anaima pakati pa chipalecho, osatembenuka.

"Kwazizira kwambiri. Ukafika usakafulumire kuchuna. Ukaisiye kaye m'bokosi itenthedwe, apo ayi nsambo zikakuthawa pakati pa nyimbo."

Louisa anakweza dzanja kuti wamva, napitiriza ulendo akuponda mosamala.

"Tsekani zeneralo, mutipha," anatero a Clotilda kuchokera kukhitchini. A Greenwell anadikira mpaka mwanayo atakhota pakona, kenaka anatseka.