Mpata wa Pakati pa Biyo

Loweruka lapitali atate anandidzutsa ndi mawu amene ndinali nditayamba kuwaiwala: "Mtsinje wafiira. Senza miono iwiriyo unditsate."

Kwa inu amene simunakulire m'mbali mwa mtsinje, ndifotokoze. Mvula ikayamba, nsomba za kunyanja zimakwera mitsinje kukaikira mazira kumtunda. Ife kuno ku Golomoti timazitchingira biyo, mpanda wa mitengo ndi bango wopingasa mtsinje. Nsombazo zimatsata mpandawo kufuna podutsa, n'kugwera m'miono, misampha yoluka ija yolowa osatulukanso.

Koma biyo la kwathu lili ndi lamulo lake. Pakatikati, pamene madzi amathamanga kwambiri, sitimatsekapo. Timasiya mpata woti munthu wamkulu n'kudutsa atatambasula manja. Palibe analemba lamulo limeneli. Atate analipeza, ndipo amene anawaphunzitsa nawonso analipeza.

Kumtsinje tinapeza amalume, mlongo wawo wa amayi, atayamba kale kukhoma zikhomo. Awiriwa amamanga biyo limodzi chaka chilichonse, ndipo chaka chilichonse amanyozana kuyambira chikhomo choyamba mpaka chomaliza.

"Alamu, mpata umenewu mukusiyira apongozi anu podutsa?" anatero amalume.

"Apongozi anga sasambira," atate anayankha akumanga luzi. "Uwu ndi wa katumbu, ndi wa mawa."

"Mawa ali ndi pakamwa? Kwanga ana akugonera mango ophika. Papsa tonola, alamu, sudziwa mtima wa moto."

Ndinaseka, koma amalume sanaseke. Madzi osefukira a chaka chatha anakwirira dimba lawo lonse ndi mchenga, ndipo nkhokwe yawo inatha anthu asanayambe n'kubzala komwe. Nsomba za mwezi uno ndizo akuyembekeza kusinthitsa ndi chimanga.

Ndili wamng'ono, mkangano wotere sukanachitika. Ndikukumbuka ndili Sitandade 2, miono inkalemera moti ankaitulutsa m'madzi anthu awiri. Nsomba za sanjika zinkaphiriphitha pa udzu, zasiliva, zamizeremizere. Amayi ankaziwamba kuseri kwa nyumba, utsi n'kulowerera mu yunifomu, mwakuti Lolemba kalasi yonse inkanunkhira chimodzimodzi, aphunzitsi omwe. Aliyense wodutsa pabiyo ankapatsidwa ziwiri kapena zitatu, ngakhale mlendo wopita ku Mtakataka pa njinga. Ana tinkakhala pagombe n'kumayang'ana pampata paja, misana yakuda ikudutsa motsatana, ife n'kumakuwa ngati tikuchemerera mpira. Tsiku lina tinaona katumbu atagona chagada m'madzi, nsomba ili pachifuwa, akudya mosatekeseka ngati walipirira.

Atate amati zimenezo n'zochepa. Amati m'masiku awo kunali nsomba za ntchira, zochuluka moti mtsinje unkamveka phokoso. Ine ntchira sindinaionepo. Ndimangoimva m'kamwa mwa atate.

Tsono Loweruka lija, atate atamaliza kumanga, amalume anati, "Tiyeni kumtundaku ndikakuonetseni mawa anu aja."

Tinayenda pang'ono chabe, kupitirira pamene mtsinje umakhotera pa mkuyu. Pamenepo panali maneti a udzudzu osokedwa pamodzi, kuchoka gombe lino kukafika tsidya, pansi atawapsinja ndi miyala. Ngakhale kansomba konga chala sikakanadutsa. Mwini wake, bambo wina wa tsidya, anali m'madzi olekeza m'chiuno, akuwolera mu beseni nsomba zimene atate anali atangozilola kudutsa.

"Mawa anu uja ndi uyo," anatero amalume. "Wavala kabudula wofiira."

Tinabwerera pabiyo lathu. Atate anaima nthawi yaitali akuyang'ana madzi. Kenaka anatola mtolo wa bango wotsala, n'kulowa nawo pakati pa mtsinje.

"Tiyamike, gwira apa."

Ndinagwira. Anamanga mwachangu, maso ali pansi, ngati munthu wakuba m'munda mwake momwe. Amalume, amene anapambana mkanganowo, sananyozenso.

Kodi ndiwanene ndani? Amalume, amene ana awo ali ndi njala? Atate, amene anatopa kudyetsa neti ya munthu wina? Kapena bambo wa kabudula wofiira uja, amene mwina naye mchenga unamukwiririra dimba?

Anthu ambiri kuno ukawafunsa za nsomba amaloza kumtunda, ku damu. N'zoona kuti khoma lija linafupikitsa ulendo wa nsomba, ndipo malo ena amene zinkakaswerako sizifikako. Koma ine damu sindingalitukwane. Madzi ake ndi amene amathirira mpunga wathu kusikimu, ndipo mpunga umenewo ndi umene wandifikitsa ku sekondale. Komanso si damu linasoka maneti aja. Si damu linatentha bango ndi nsenjere za m'gombe kuti tilime mpaka m'madzi, mwakuti lero mtsinje ukakwiya umalowa m'minda popanda choupinga. Ngati njira ya nsomba yafupika, ndiye kuti kachigawo kotsalaka n'kamene kafunika kukasamala koposa kale. Ife m'malo mwake takatseka paliponse.

Chimene chikundidabwitsa n'chakuti anthu omwewa amadziwa kugawana madzi. Kusikimu, lero amatsegulira ngalande iyi, mawa iyo. Wina akatsegula tsiku losakhala lake, anzake amamuitanitsa, ndipo amachita manyazi. Amalume amatsatira zimenezi. Bambo wa tsidya uja nayenso ali ndi munda komweko, ndipo sindinamvepo kuti anaba madzi. Nanga bwanji anthu otha kumvana pa madzi akulephera kumvana pa kampata ka nsomba?

Ndikuganiza kuti n'chifukwa chakuti mpunga ukauma timauona sabata yomweyo. Nsomba zikalephera kuikira, mtsinje suuma, sufuula. Umangobwera chaka chamawa uli wopepuka pang'ono.

Masana a Loweruka lomwe lija miono inadzaza kwa nthawi yoyamba pa zaka zingapo. Amalume anasenza gawo lawo, ndipo ana awo anadya. Zimenezo sindingazinyoze. Kunyumba amayi anakhala pamkeka n'kuyamba kutumbula. Yoyamba inali ndi mazira. Yachiwiri chimodzimodzi. Posakhalitsa kambale kanadzaza mazira achikasu.

"Bambo a Tiya," anatero amayi, "zonsezi n'zapakati."

"Thira mchere wambiri," anayankha atate, n'kunyamula khasu kupita kumunda ngakhale dzuwa linali pamutu.

Ine sindinataye mtima, chifukwa Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinawaona atate ataima pambali ndi bambo wa maneti uja. Anacheza nthawi yaitali, manja akuloza kumtsinje. Panjira ndinafunsa.

"Sanakane," anatero atate. "Akuti nayenso bambo ake ankasiya mpata. Akuti atsegula, bola amene ali kumtunda kwake ayambe atsegula."

"Nanga a kumtundawo?"

"Ndikawaona Lachitatu. Ndikudziwa kale chimene akanene."

Pamene ndikulemba, biyo lathu lidakali lotseka, ndipo mvula sikudikira kuti akuluakulu amalize kukambirana. Nsomba zikukwera mwezi uno, osati mwezi umene ife tidzagwirizane.

Inu amene muli ndi biyo kapena neti mumtsinje uno, ndikudziwa kuti nonse mukukumbukira mpata uja, chifukwa nonse munakhalapo pagombe n'kumakuwa nsomba zikudutsa. Aliyense akuti atsegula wakumtunda akatsegula. Mtsinjewu si wautali, ukuthera pa khoma la damu. Kodi womaliza pamzerewo, amene kumtunda kwake kulibenso munthu, adzati akudikira ndani?